Cynthia Wandipitirira pa Chitaliyana

Brampton, 9 Novembala

Okondedwa achemwali a Beatrice,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja waphwako? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba.

Nkhani ndi ya msuweni wathu Cynthia. Mukudziwa kuti ndine ndinamupezera ntchito kunyumba yosamalira okalamba kumene ndagwirako zaka zinayi. Ambiri kumeneko ndi Ataliyana, ndipo akayamba kuiwalaiwala, Chingerezi chimawathawa, amatsala ndi chakwawo. Abwana ananena kuti amene azimvana nawo bwino amupatsa shifiti yam'mawa yokhazikika. Tonse awiri tinayamba kuphunzira, ngakhale m'basi.

Chitaliyana n'chonyenga, achemwali. Papepala chimaoneka ngati Chichewa. Koma ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe iwo mawu ena amatsindika koyambirira, ena kumapeto kwenikweni. Tebulo ndi TA-vo-la, ine pakamwa pamangotuluka ta-VO-la. Ukati pa-PA watchula bambo, ukati PA-pa watchula Papa wa ku Roma. Cynthia zonsezi akungomeza ngati madzi.

Sabata yatha agogo ena, mayi Assunta, amene ndawasambitsa zaka zitatu, ankalira kuti akufuna kwawo. Ndinati ndiwatonthoze kuti mwana wawo adzawatengera ku ca-sa, kunyumba. Pofuna kuti amve bwino ndinalimbitsa s uja, n'kutuluka cas-sa, lomwe ndi bokosi. Iwo anamva bokosi la maliro. Anakuwa n'kukankha dzanja langa. Cynthia anathamangira pomwepo, n'kuwanong'oneza mawu awiri atatu, iwo n'kukhala chete atamugwira tsaya. Kuyambira tsikulo akukana kuti ndiwapese tsitsi, akufuna iyeyo.

Shifiti ija apatsa Cynthia. Ndinamuyamikira pamaso pa anthu, koma titafika kunyumba chakudya chimene anaphika sindinachikhudze. Sanandilakwire, ndikudziwa. Wadziperekanso kuti azindiphunzitsa, ine ndamuuza kuti ndilibe nthawi.

Pempho langa ndi ili. Inu mumaphunzitsa ana a Sitandade 1 kudula maphatikizo powomba m'manja. Ndikutumizirani mawu makumi awiri odulidwa kale, potsindika pali zilembo zazikulu. Mundijambulire pa foni mukuwatchula ndi kuwomba m'manja, ndizimvera popita kuntchito. Bola kubwerera ku Sitandade 1 kwa inu kusiyana n'kuphunzitsidwa ndi mwana amene ndinkamubereka kumbuyo. Izi zithere pakati pa awirife.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, ndi ana onse. Amalumenso muwapatse moni, muwauze kuti mwana wawo akuchita bwino kwambiri kuno. Zimenezo n'zoona.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyanjane