Ulusi, 18,000

Lolemba, 3 Malichi

Chipatala chatsopano chija. Pakhomo chikwangwani chachikulu, zilembo zobiriwira: MITENGO YATHU ILI POYERA. Opaleshoni ya chotupa cha pamchombo, 300,000. Ndajambula pafoni, ndatumizira achimwene. Ine 250,000, iwo 100,000. Kutsalanso ya zipatso.

Bambo anaima nthawi yaitali akuwerenga, dzanja lili pamimba. Zaka makumi anayi za utelala, amalemekeza munthu wotchula mtengo kamodzi. Akuti anthu awa ndi olongosoka. Ine ndi digiri yanga ya zachuma ndangogwedeza mutu ngati katswiri amene afunsidwa maganizo.

Lachitatu, 5 Malichi

Anagonekedwa dzulo. Lero awang'amba, awasoka. Maola awiri pabenchi, kuwerenga matailosi. Alipo 212, limodzi losweka.

Podzuka, chinthu choyamba kufunsa: makina osokera ndawavundikira? Fumbi limalowa m'bobini. Ndawavundikira, bambo. Kenako apempha nesi awaonetse msoko. Sanalole. Bambo akuti akufuna aone ngati mnzawo wa ntchito amawongola mzere.

350,000 yonse ndasiya pakauntala. Mayi wa pamenepo sayang'ana nkhope, amangodinda. Ndawatcha Mayi Chidindo.

Lachisanu, 7 Malichi

Bilu yoyembekezera. Masamba awiri.

Opaleshoni 300,000, monga pachikwangwani. Sananame. Koma imeneyo ndi ya manja a dokotala basi. Wogonetsa tulo 120,000. Chipinda chong'ambiramo 90,000. Bedi 40,000 patsiku, masiku anayi. Mankhwala ndi diripi 65,000. Magolovesi 9,000. Fayilo 5,000. Ulusi 18,000. Zonse 767,000.

Ndinaonetsa Mayi Chidindo chithunzi cha pafoni. Anandionetsa kamzere kam'munsi, kochepa ngati nyerere zapanga mzere: zina zimalipidwa padera. Kalipodi. Ndinakajambulanso ndekha Lolemba.

Sindinakwiye. Ndinapita kuchimbudzi, ndinasamba m'manja nthawi yaitali. Sopo ndi waulere, ndaonetsetsa.

Loweruka, 8 Malichi

Tsiku la pano limatha 12 koloko masana. Dokotala amayendera odwala 2 koloko. Wasayina kuti bambo atuluke, 2:20. Ndiye kuti 40,000 ina. Nesi akuti zimatero kwa aliyense, palibe amene anatulukapo m'mawa.

Wodwala satuluka bilu isanathe. Mawa kauntala ndi yotseka, bedi ndi lotsegula. Pofika Lolemba 847,000. Kuchotsa zomwe ndinapereka, 497,000.

Abambo a bedi loyandikana, chotupa chomwecho, dokotala yemweyo, alipira 600,000 zonse pamodzi. Mkazi wawo anagwirapo ntchito m'chipatala, anadziwa kupempha pepala la mtengo wa zonse asanagonekedwe. Pepalalo limakhala mudilowa. Ndinabwerera pakauntala. Mayi Chidindo: "Simunafunse."

Zoona. Sindinafunse.

Bambo anandilanda bilu, magalasi pamphuno. Anadumpha ziwerengero zikuluzikulu zonse, anaima pa ulusi. Kuseka mpaka kugwira bala. Akuti iwo chiyambire sanalipitsepo munthu ulusi, mabatani kapena zipi padera, ndipo nsalu yotsala amabweza. Ndikafunse ngati ulusi unatsalako, tinagula ndife. Za 497,000 sindinawauze. Ndati dokotala akufuna awaonenso Lolemba.

Lamulungu, 9 Malichi

Achimwene 50,000, ndi mawu ambiri. Kuntchito alola kundipatsiratu 120,000 ya mwezi wamawa. Kupereŵera 327,000.

Ndakhala m'chipinda chosokera. Madiresi atatu a eni ake pamsomali, limodzi lopanda manja. Makina pansi pa nsalu yake yamaluwa. Chopondera chinatha utoto pomwe pamakhala phazi lamanja. Fizi yanga yonse inatuluka pamenepa, mpaka gauni ya tsiku lomaliza maphunziro.

Telala wa kumsika wakhala akuwafuna makinawa kuyambira kale. Ndamuimbira. Anafunsa ngati madala akudziwa. Ndati akudziwa.

330,000. Sindinanenerere. Anabwera ndi ngolo, ananyamula ndi anzake awiri. Pansi patsala timabowo tinayi pasimenti. Ndasesa.

Lolemba, 10 Malichi

Pamzere 8 koloko. Makina a kauntala akuti akuchedwa kudzuka. Ine maso pawotchi ya pakhoma. 11:41, chidindo. Chenji 3,000.

Potuluka tinadutsa pachikwangwani. Banja lina laima pamenepo, mnyamata wa tayi akujambula pafoni, mayi wake akumwetulira. Ndinaganiza zowauza za pepala la mudilowa. Ndinawauza. Anandithokoza ngati mmene umathokozera wamisala.

Bambo ndapita nawo kwanga, ndati kwawo kuli masitepe. Alipo awiri.

Lachinayi, 13 Malichi

Akudya, akuyenda pang'onopang'ono. Msoko auona pagalasi. Akuti ndi wabwinoko, koma kumapeto dokotala anathamanga.

Tsiku lililonse: diresi la mayi wa kusukulu lija likufunika Loweruka, manja sanalumikize. Ine: mupume kaye. Usiku ndimagona bwinobwino, ndi zomwe zikundidabwitsa.

Lachisanu, 14 Malichi

Anakakamira. Tapita kwawo.

Anatsegula okha chitseko. Anaima. Anayang'ana timabowo tija, kenako madiresi, kenako nsalu yamaluwa yomwe ndinaipinda pampando. Sanatembenuke. Anangofunsa kuti zingati. Ndinanena. Kwa ndani. Ndinanena. Akuti uyo amathira mafuta ambiri, koma si woipa.

Kenako afunsa za dilowa ya pamakina. Sizasi yaikulu, mabobini, masingano, tepi, choko, kabotolo ka mafuta, ulusi wamitundu yonse. Sindinaitsegule n'komwe. Zonse zinapita momwemo, pa 330,000 yomweyo.

Anakhala pampando mosamala, dzanja pabala. "Mtengo umodzi, zonse momwemo. Sukulu yonse ija, koma ndiwe mwana wa telala basi."

Sindikudziwa ngati kunali kundiyamikira.

Anatsitsa diresi lopanda manja, naliyala pamaondo. Kolala ya shati lawo imakhala ndi singano nthawi zonse, ngakhale kuchipatala inali pomwepo. Anaisolola. Andituma kugolosale, ulusi wabuluu, wosawala kwambiri.

Ndinatenga 3,000 ija. Ndinafunsa kaye mtengo, kawiri.