Utuchi m'Gitala la Achimwene

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa alamu anga kumeneko. Msana uja ukukulolani kugona masiku ano? Nanga alamu, shuga wawo watsikako? Ife kuno tadzuka bwino ndithu. Alamu anu ali gwa, ana akukula ngati akupikisana, ndipo ine chondivuta ndi mimba yokha, imene yayamba kufika pa benchi mwini wake ndisanafike.

Kalata yanu ndinalandira. Ndakondwa kumva kuti mwezi wamawa mukupuma pa ntchito yoyendetsa malole. Zaka makumi atatu pamsewu si masewera. Koma pamene munalemba kuti simukudziwa chomwe muzidzachita tsiku lonse mukasiya chiwongolero, pamenepo panandikhala pamtima. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinaipinda kalatayo n'kuiika m'thumba la ovolosi.

Tsono khalani pansi bwinobwino. Nkhani ndili nayoyi pena mundiseka, pena sindikudziwa kuti mutani.

Mukudziwa kuti ndakhala ndikulakalaka makina amagetsi opalira matabwa. Mapewa anga atopa ndi kupala pamanja. Ndakhala ndikusunga pang'onopang'ono, ndipo masabata awiri apitawa ndinavala shati yanga yabwino ija kupita m'tauni kukawagula. Nditafika ndinapeza sitolo ya zipangizo ili yotseka, eni ake apita kukadya. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndiye ndinalowa m'sitolo yoyandikana nayo kuti ndiusepo. Kumeneko amagulitsa zoimbira.

Pakhoma anapachika magitala mndandanda. Lachitatu kuchokera pakhomo linali lamagetsi, lofiirira, lamimba yotakata, lokhala ndi timabowo tiwiri tokhotakhota kutsogolo ndi timabatani tinayi topotokola. Achimwene, linali ngati lanu lija ndendende.

Wogulitsa m'sitolomo ndi mayi wina wamfupi wamagalasi, amene akuti naye amaimba mu bandi Loweruka. Ataona kuti ndangoti kakasi, analitsitsa n'kundipatsa m'manja.

Inu mukundidziwa, chilichonse chathabwa ndikachigwira ndimayamba ndagogoda. Chitseko cha eni, tebulo la adokotala, ngakhale bokosi pamaliro, chala chimangopita chokha. Ndinagogoda pakati, pali polimba. Ndinagogoda m'mbali, mukumveka mphako. Ndinawauza mayiwo mwaulemu kuti katundu wawoyo mwina ndi wofumbwa, apo ayi amene analipanga matabwa anamuthera panjira.

Mayiwo anaseka mpaka anavula magalasi. Anati magitala amtundu umenewu amawapanga choncho dala. M'mbali amasiya mphako kuti mawu azituluka ofunda ndi onenepa, koma pakati amaikapo thabwa lolimba kuyambira kukhosi mpaka kumapeto. Akuti si la mphako lonse, si lolimba lonse, lili pakati ndi pakati, ndipo ukoma wake ndi womwewo.

Analilumikiza ku ampulifaya n'kuyamba kuimba. Ndinatsinzina. Ndinakuonani inuyo muli pakhonde pa nyumba yathu yakale, mwendo umodzi pa ndowa, amayi akukalipa kuti ndowayo akuifuna koma chiuno chawo chikuyenda ndi nyimbo.

Kenako mayiwo anakweza mawu n'kuyandikira sipika, gitala lija n'kuyamba kuliza mluzu woboola m'makutu. Mluzu womwe uja, achimwene, umene unkakukwiyitsani mukamachokera koimba. Ndinafunsa kuti matenda amenewa amachiza bwanji. Mayiwo anangobwerera m'mbuyo mapazi awiri n'kutembenukira kumbali, mluzu uja zii.

Mapazi awiri basi. Ndinapempha mpando n'kukhala pansi.

Apa ndiye ndafika pa chimene ndakulemberani. Gitala lanu lija silinafe ndi chinyezi cha denga lodontha monga tinkanenera. Ndinalipha ndine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndili ndi miyezi inayi yokha kwa bwana amene ankandiphunzitsa ukalipentala. Iye anali atandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ndinachigwira ndi manja awiri: ukapeza bowo pathabwa, sakaniza utuchi ndi guluu, tseka. Inu tsiku lililonse munkadandaula za mluzu. Ine nditagogoda gitala lanu n'kumva mphako, ndinati eya, matenda ndi amenewa, ndipo dokotala wake ali m'nyumba momwemo.

Lachiwiri lina mutapita kuntchito ndinabwera ndi utuchi wosefa bwino ndi chitini cha guluu. Ndinakanya mosamala, n'kumalowetsa pa timabowo tija ndi kamtengo, mbali zonse ziwiri, mpaka munadzaza. Pamwamba ndinapakapo utoto wakuda kuti zisaoneke. Ndinalibwezera m'chikwama chake ndili wonyada. Ndinkafuna kuti mukaimbe Loweruka mluzu kulibe, anthu akuombereni m'manja, ine ndiimirire ndinene kuti ntchito imeneyi ndi ya mng'ono wanu.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Guluu analowa mu mawaya amkati, timabatani tonse tinauma osapotokoka, thabwa lakutsogolo linatupa. Mutalilumikiza Lachisanu linangoti khrrr, basi. Bandi yanu ija inatenga munthu wina Loweruka lomwelo, ndipo sanakuitaneninso. Chaka chisanathe munayamba za malole.

Ndinakuonani mutakhala pabedi, gitala lili pamiyendo. Munayang'ana kudenga n'kunena kuti ndi chinyezi. Ine ndinavomera msangamsanga kuti inde, denga limeneli n'loipa. Mawa lake ndinakwera kukalikonza, chonsecho silinkadontha.

Kuyambira pamenepo nkhaniyi ndakhala nayo ndekha. Pa ukwati wanu ndinafuna kunena, ndinaopa kuwononga chisangalalo. Pa maliro a bambo ndinafuna kunena, ndinaona kuti misozi yakwana kale. Nthawi zonse wailesi ikaimba nyimbo yokhala ndi gitala labwino, ndimazimitsa kapena kuyamba kukhoma misomali mwaphokoso. Zimandiwawa, achimwene, chifukwa munkaimba bwino kuposa ambiri amene timawamva masiku ano.

Tsiku limenelo makina opalira sindinagule. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja. Mawa lake ndinavalanso shati yabwino kupita m'tauni, mkuja wakenso chimodzimodzi. Ndinkangofika m'sitolo muja, kuligwira, kulipachikitsanso. Ulendo wachitatu alamu anu anaima pakhomo manja m'chiuno, n'kundifunsa kuti mkazi amene ndikumuvalira shatiyo ndi wooneka bwanji. Ndinati ndi wofiirira, wachiuno chabwino, ali ndi mawaya asanu ndi umodzi. Kenako ndinawauza zonse.

Mutu unandizungulira ndi kuganiza. Makina aja akanandipumitsa mapewa, ndipo zitseko za sukulu zimene andipatsa kuti ndipange ndikanamaliza msanga. Komanso ndinkadzifunsa kuti munthu amene wakhala zaka zonsezi osagwira gitala, kumupatsa lero si kumutokosa pachilonda? Nanga zala zikakana? Mayi wogulitsa uja anandionetsanso lina lolimba lonse, lopanda mphako, losaliza mluzu, lotsika mtengo. Ndinaligogoda, n'labwino ndithu, ntchito yaukhondo. Koma limeneli si limene ndinapha ine.

Chachikulu n'chakuti sindikanakupatsani gitala popanda kunena chifukwa chake. Mukanandifunsa kuti iwe kalipentala, za magitala wayamba liti, ndipo ndikananamanso kachiwiri.

Mayiwo anandichenjeza kuti pali bambo wina wa kwaya amene akulifunanso, ndipo andisungira mpaka Lachisanu lokha. Alamu anu anati kugula n'kosavuta, chovuta ndi pakamwa pangapa. Anandiuza kuti ndikayambe ndayeserera kwa achemwali athu, poti iwo amadziwa kukufikani bwino inuyo.

Lachinayi ndinapita kumene achemwali amasokera. Ndinawapeza akupondaponda makina, kasitomala wina ataima pambali diresi ili ndi mapini thupi lonse. Ndinati ndili ndi nkhani yachinsinsi. Anati ndinene pomwepo, kasitomalayo ndi mnzawo ndipo sangakhale pansi ndi mapiniwo. Ndinaweramitsa mutu n'kufotokoza zonse, kuyambira utuchi mpaka utoto wakuda.

Makina anaima. Achemwali anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugona pa nsalu ya eni. Kasitomala uja nayenso anayamba kuseka uku akudandaula kuti mapini akumubaya.

Atapukuta misozi anandifunsa ngati ndinkaganizadi kuti m'nyumba muja anthu analibe mphuno. Akuti chipinda chathu chinanunkha guluu sabata yathunthu. Akuti gitala linalemera ngati mtondo, ndipo inu mutangolinyamula, utuchi unakuthothokerani pa buluku. Akuti ngakhale amayi ankadziwa, ndipo tsiku limene ndinakwera padenga kukakonza posadontha, anabisala kuseri kwa chitseko kuti ndisawaone akuseka.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji panalibe amene ananena kanthu. Apa achemwali anasiya kuseka.

Anandikumbutsa kuti nthawi imeneyo ndinali nditalephera mayeso, ndiponso atandichotsa ntchito malo awiri. Bambo anali atalumbira kuti ndikangolakwitsanso chimodzi andichotsa kwa bwana uja, ndipo panyumba ndisamuke. Akuti madzulo a Lachisanu lija munaitana amayi ndi achemwali kuseri kwa nyumba. Munawauza kuti gitala lafa kale, siliuka, koma mwanayu bambo akangomva ndiye kuti tamutayanso. Munawalumbiritsa kuti nkhani ndi ya chinyezi basi.

Akutinso munasuzumira pa kabowo kaja n'kunena kuti chitsiruchi chatseka mwaukhondo, chidzakhala mmisiri.

Achimwene, ndinalira pamaso pa kasitomala wa eni. Munthu wa imvi, mimba kutsogolo, kulira ngati mwana wa sukulu. Koma ndikuuzeni zoona, chibadwire sindinapepukidwepo ngati tsiku limenelo. Pobwerera sindinakwere basi, ndinayenda wapansi ulendo wonse ndikupatsa moni ngakhale anthu osawadziwa. Shedi yanga, nyumba yanga, sukulu ya ana anga, zonsezi ndimati ndi thukuta langa ndekha. Sindinkadziwa kuti munayamba mwalipira ndinu.

Lachisanu sitolo isanatsegulidwe ndinali nditaima kale pakhomo. Bambo wa kwaya uja anafika ine ndikutuluka nalo, ndipo ndinamupepesa ndi mtima wonse koma sindinacheuke kawiri. Mayi wogulitsa anandiwonjezera chingwe cholumikizira ndi lamba wa paphewa. Anandilangizanso kuti ndisaliike padzuwa, ndisalipake vanishi, ndipo chilichonse chimene mutu wanga ungandiuze kuti ndikonze, ndisakonze. Ndikuganiza kuti alamu anu anali atadutsako.

Makina opalira adikire chaka chamawa. Mapewa adandaula, koma azolowera kudandaula.

Gitala lili kuno pamwamba pa kabati, m'chikwama chake. Alamu anu atenga kiyi wa chipindacho n'kumangirira pa mpango wawo, akuti sakundikhulupirira. Ana akufunsa tsiku ndi tsiku ngati n'zoona kuti atate awo aakulu, amene amawadziwa ndi malole okha, ankavinitsa holo yonse mpaka anthu kuvula nsapato. Ndawauza kuti adzaona okha.

Sindilitumiza pa basi ayi. Mukangopuma pa ntchito mubwere ndi alamu mudzalitenge nokha. Zala zikakhala zauma, tili ndi khonde ndi masiku ambiri, zidzafewa. Ampulifaya tibwereka kwa aneba, ndipo achemwali anena kale kuti atseka shopu tsiku limenelo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti kampando kawo ka kukhitchini kaja ndamaliza. Moni kwa ana onse ndi kwa mdzukulu wathu watsopanoyo. Alamu anu, achemwali ndi ana kuno akuti moni wambiri. Mulungu akusungeni pa maulendo amene atsalawa, akufikitseni kuno muli amphumphu.

Pempho langa lomaliza ndi ili. Mukafika musadzandiuze kuti palibe kanthu, zinapita kalekale. Ndikudziwa kuti mudzafuna kutero, ndipo ndikukana. Mawu amene munawameza Lachisanu lija mudzanditulutsire onse. Ndakula tsopano, ntchito ndili nayo, ndipo palibe amene angandithamangitse panyumba. Mudzandikalipire mokwanira, ine nditaimirira, ana akumva. Mukadzatopa, ndidzakupatsirani gitala lanu muimbe.

Ndine mng'ono wanu,
Kalipentala