Sefa wa Mtedza United

Lolemba, 4 Ogasiti

Zidziwike kwa mitundu yonse, kuyambira pa boda mpaka ku Kamwendo: lero ine Pius, mphunzitsi, mwini digiri ya zolembalemba imene panopa ikutseka zenera losweka la kuchipinda, ndasankhidwa kufotokoza mpira pa chimkuzamawu. Bonanza ya ku Chiosya. Mphoto, mbuzi ndi mpira umodzi. Malipiro anga, mpando wa pamthunzi.

A komiti ati akufuna "munthu wodziwa kuyankhula". Nyuzipepala za ku Blantyre zimakana nkhani zanga zoseketsa, akuti n'zazitali. Kuno kulibe mkonzi. Mkonzi ndi batire.

Mayi wa kunyumba, Stelia, sanasangalale kwenikweni. "Pakamwa panupo, a bambo a Tawina, akupalumikizanso magetsi?"

Goloboyi wa timu yathu, Mtedza United, ndi Aleck, mlongo wake wa Stelia. Mlamu wanga. Timanyozana kuyambira tsiku la chinkhoswe. Iye amanditcha Pulofesa wa Njala, ine ndimamubwezera ndi chiwongola dzanja. Chilamu chimenecho, palibe amakwiya.

Loweruka, 9 Ogasiti

Tsiku lalikulu m'mbiri ya utolankhani wa boma la Mchinji.

Fumbi, mandasi, nzimbe. Masewero asanayambe, nyimbo za ku Chipata zokhazokha, mawu atatu kubwereza mpaka mbuzi ya mphoto inayamba kugwedeza mutu. Adani athu, Boda Rangers: anyamata osintha ndalama ndi onyamula katundu, theka la iwo amagona ku Zambia koma lero onse ndi ana a konkuno.

Chigoli choyamba chinadutsa m'manja mwa Aleck. Chachiwiri pakati pa miyendo. Pa chachitatu mzimu unanditsikira. Ndinati: "Abale anga, pagolo la Mtedza lero sitinaikepo munthu. Taikapo sefa. Ufa wonse ukudutsa, akutsala ndi madeya okha."

Bwalo lonse pansi ndi phwete. Ngakhale oyimbira anachotsa wezulo pakamwa. Tagonja zinayi kwa chimodzi, koma ndani akukumbuka zimenezo? Dalaivala wina wa thiraki wa ku Zambia anandigulira chakumwa. "Ba mudala, mumaziba kukamba imwe."

Ndikudziwa, bwana. Uzani a ku Blantyre.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Potuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo anandikokera pambali. Ndimati za chopereka. "A Sefa adzuka bwanji?" Kenako kuseka mpaka kutsokomola.

Alakatuli onse amene ndinawawerenga ku koleji anafa osamva mzere wawo ukutchulidwa ndi munthu wogulitsa tomato. Ine ndamva, ndili moyo.

Aleck sanabwere kudzasewera bawo masana ano. Mwina miyendo.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Wailesi yathu ya m'dera, pulogalamu ya zamasewero. Mnyamata wowulutsa watchula "Sefa" katatu ngati kuti dzinalo analipeka yekha ali m'bafa. Za ine, ziii. Utolankhani wa masiku ano ndi umenewu, kuba masanasana. Komabe wakuba amasankha munda wobereka.

Ndinamuuza Stelia. Anapitiriza kusadzula nkhwani.

"Pakhonde pano mukamunyoza amakuyankhani. Pabwalo paja akanakuyankhani ndi chiyani? Chimkuzamawu chinali chimodzi."

Ndinamufotokozera kuti luso loseka anthu ndi lakale, ndipo mafumu ankalilemekeza. Ndisanamalize anali atapita kumjigo.

Loweruka, 23 Ogasiti

Kulimbirana malo achitatu. Ndafotokoza bwino zedi, ndinene ndekha popeza palibe wina alembe.

Pagolo la Mtedza, munthu watsopano. Aleck ngakhale pagulu la owonerera panalibe. Zimene ndamva kwa a komiti: akadutsa pamsika, amayi ogulitsa ziwiya amakweza masefa m'mwamba. Mwana wake Tiyamike anamenyana kusukulu, anzake akumutcha mwana wa Sefa. Wang'ambitsa yunifolomu.

Anthu anakuwa kuti watsopanoyu ndimupatsenso dzina. Linalipo, labwino kwambiri. Sindinalitchule.

Stelia wakagona kwa amayi ake. Akuti akudwala msana. Dzulo ndinawaona akusenza mtolo wa nkhuni.

Lachiwiri, 2 Seputembala

Ndinapalasa njinga kupita kwa Aleck. Ndinamupeza akuphwasula uvuni wa njerwa. Wavala magolovesi a pagolo aja, amene anaitanitsa ku Chipata atagulitsa mtedza wa chaka chatha. Zala zatulukira kale.

Anavula, nasamba m'manja, nanditulutsira mpando. Iye anakhala pa njerwa.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

Aphunzitsi. Munthu amene anandithira madzi a m'beseni tsiku la ukwati wanga.

Ndinayamba ndi dazi lake. "Zoona, aphunzitsi." Ndinati njerwa zake n'zokhota ngati mzere wa ana a sitandade wani. "Tiyesetsa, aphunzitsi." Ndinamutsegulira ndekha khomo: nsapato yanga yobooka, njinga yopanda mabuleki, ngakhale nkhani zanga zokanidwa zija. Akanangogoletsa. Anayang'ana nsapatoyo, n'kunena kuti pa Kamwendo pali munthu amasoka bwino.

Za timu, akuti wakula. Za Stelia, akuti iye salowerera za m'banja la eni.

Anandiperekeza mpaka pamsewu atandigwirira njinga, monga timachitira ndi alendo.

A wailesi atumiza uthenga, tsopano adziwa mwini dzina. Akufuna ndizikayankhula Loweruka lililonse. Sindinawayankhe.

Dzina la Sefa lija n'labwino, pamenepo sindisintha. Azidzalitchula ine nditapita. Kungoti m'Mchinji monse muno munali munthu mmodzi yekha wodziwa kundinyoza bwino, ndipo tsopano akundipatsa ulemu.