Masewero a pa kompyuta amangitsa Saidi

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno tilipo, koma ine mtima ukuwira. Ndiyambe ndi zabwino kuti musanene kuti ndataya ulemu. Mng'ono wanga Asiyatu wachira, ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Mpunga wa kudambo kwanu tinakolola wochepa, mbalame zinatithandiza kudya. Usipa chaka chino wavuta.

Mutangotisiya, ku ofesi yathu ya za nsomba kuno ku Monkey Bay kunabwera kompyuta. Ili ngati makina anga otaipira aja, koma ili ndi galasi lakuda lotulutsa zilembo zobiriwira. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinkalimbana ndi buku lake mpaka ndinaiphunzitsa masewero. Anthu awiri amagwetsa zizindikiro zozungulira ngati zitsekerero za mabotolo m'mizere, mosinthana, ndipo woyamba kundandalika zinayi ndiye wapambana. Ndinakonza kuti osewera azisankha okha kukula kwa bwalo ndi kulemba mayina awo. Pomaliza galasi limalemba kuti uje wapambana, uje wagonja. Cholakwa pamenepa n'chiyani?

Sabata yatha kunabwera a tcheyamani a chipani kudzaona makinawo. Abwana, pofuna kudzionetsera, anandiuza kuti ndilembe dzina la alendowo, nakoka mlongo wanga Saidi, amene tsopano amayendetsa boti la ofesi, kuti asewere nawo. Onse m'chipindamo ankamutsinzinira diso kuti agonje. Koma Saidi wanu mukumudziwa. Si inu munkatiuza pa bawo kuti, "Kugonjera munthu dala n'kumutukwana"? Anawagonjetsa. A tcheyamani anati bwalo lachepa, ine n'kulikulitsa. Anawagonjetsanso, dzina lawo n'kuwala pagalasi pamodzi ndi mawu oti "wagonja", anthu onse akuona.

Kutacha, anyamata a chipani a malaya ofiira aja anamutenga padoko akumasula boti. Amutsekera ku boma ku Mangochi, ndipo mkazi wake akapita ndi chakudya amamubweza pachipata. Akuti wanyoza chipani. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumangitsa mnzake chifukwa cha masewero!

Koma amene andinyansa kwambiri ndi abwana. Iwo omwewo ankaiwala kudya ali pa masewerowa, lero akuti sanawaonepo. Andiuza kuti ndifufute zonse, ndipo ndikafunsidwa ndinene kuti Saidi ndiye analowetsa mawu oti "wagonja" m'makina. Saidi, wosadziwa n'komwe pamene amayatsira! Akuti ndiganizire ntchito yanga ndi ana anga. Ndawaganizira, ndipo mantha ndili nawo, sindikubisirani. Nanunso ndakukwiyirani pang'ono, amayi. Ana a anzanu anaphunzitsidwa kuweramitsa mutu ndipo akugona m'nyumba zawo. Ife munkangotiuza kuti bodza silikhalitsa, osatiuza kuti m'dziko muno likukhalitsa ndithu.

Komabe kunamizira mwana wa mayi anga sindingathe. Masewerowo sindinafufute. Ana ndawaperekeza kwa Asiyatu ndi zovala zawo zonse, ndipo mawa ndikwera basi yoyamba kupita ku boma kukanena kuti mawu aja ndinalemba ndine, ndi zala zangazi. Akafuna munthu woti amutsekere, ndidzakhala ndadzibweretsa ndekha. Ndikukulonjezani kuti pachipata chimenecho sindichokapo ndisanamuone Saidi.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale wokwiya,
Mariamu