Sindine Chikopa cha Katumbu

Linga la pa Mtsinje wa Atsekwe,
9 Ogasiti 1853

Okondedwa achimwene Mahikan,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma ine mtima ukuwawa.

Mlamu wanu Torquil akubwerera kwawo kutsidya kwa nyanja mwezi wamawa. Ntchito yake yogula zikopa yatha, ndipo akuti kampani yake silola akazi a mtundu wathu wa Cree kukwera sitima yapamadzi. Izo sizinandidabwitse, sindine woyamba kusiyidwa pa linga pano. Chandipsetsa mtima n'chakuti wandipereka kwa Onesime, kalipentala uja.

Torquil anandiuza akudya nsomba zimene ndinawamba ndekha. "Jessie, usadandaule. Onesime wavomera kukutenga. Ndamupatsa mabulangete ndi ketulo, suvutika. Ndi mmene timachitira kuno."

"Ndi ketulo yomwe!" ndinatero. "Nanga mwandiika kale pa sikelo? Ndine chikopa cha katumbu ine?"

"Tsitsa mawu, antchito akumva. Paja ukwati wathu sunali wa kutchalitchi."

Achimwene, inu munalipo tsiku limene anasuta kaliwo ndi malemu atate athu. Pamene ankafuna kuti abale athu azigulitsa zikopa kwa iye yekha, utsi uja unali ukwati. Lero akuti unali utsi chabe. Nsapato zimene wayendera pa chipale chofewa zaka zonsezi ankasoka ndani?

Dzulo Onesime anafika pakhomo, chipewa chili m'manja. Si munthu woipa, koma ndinamuuza kuti, "Bambo, kasamaleni ketulo yanu, ndiyo mwakwatira." Anavala chipewa chake n'kubwerera.

Sindikubisirani, usiku umenewo ndinalira, chifukwa Torquil ndinamukonda. Koma kwa Onesime sindipita, ngakhale andikoke ndi chingwe.

Pempho langa nali. Bwerani ndi bwato sitima isanafike, ndipo mutenge kaliwo wa atate. Torquil akuyang'aneni m'maso, anene yekha kuti sunali ukwati. Akatero ndituluka pa chipata chachikulu dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Wotsala pagombe n'kumayang'ana bwato likupita akhale iyeyo, osati ine.

Mundiperekere moni kwa amayi. Muwauze kuti mwana wawo sanagulitsidwe, andikonzere malo pambali pawo. Dzina la Jessie limene anandipatsa mzunguyu ndamusiyira, akalilongedze m'bokosi mwake pamodzi ndi zikopa.

Ndine mlongo wanu,
Sikwan