Loko wa pa Chitsime

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Sabata yokonzekera Mgonero. Abusa atigawira ife akulu a mpingo makhadi oti tikapereke m'makomo mwa akhristu. Mwa anga muli la Yoramu. Akuti anabwerera kuno ku Budiriro, akukhala kwa mwana wake Paida chifukwa sitiroko inamugwira. Ndaliika pansi pa onse.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndapereka asanu ndi anayi. Latsala limodzi.

Tsiku lonse m'maganizo ndikungoona msewu wa ku mafakitale a ku Workington. Ine ndi Yoramu pa njinga mbandakucha, chisanu cha Juni, manja tavala masokosi, iye akuimba nyimbo za kwawo ku Dedza komwe sanapondeko n'kamodzi komwe, poti anabadwira kuno kwa Ashona. Mawu ake ngati geti la dzimbiri. Zaka makumi awiri pafakitale tinkapisa m'mbale imodzi. Ndamusowa munthu uja, ndisaname.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Phunziro la Baibulo. Abusa anati Mose analetsa dzanja kupha, ndipo Yesu sanafafanize lamulolo koma analikumba mpaka pamuzu, mumtima. Ndiye ukadziwa kuti mnzako ali nawe chifukwa, chopereka chako chidikire, yamba wapita kwa iye. Bambo Augusto anafunsa ngati n'zofunikabe pamene munthu sunaswe lamulo lililonse. Ndinawathokoza chamumtima, funsolo linali langa. Abusa anangoti, "Nanga ngati simunaswe, mukufunsiranji?"

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndilembe basi. Novembala 2008, kolera. Mipopi youma. Mumzere wonse wa nyumba zathu chitsime chinali pakhomo panga pokha. Ndinaopa zidebe za anthu, m'nyumba munali zidzukulu ziwiri, ndinagula loko n'kukhoma chitsimecho. Mkazi wa Yoramu anabwera ndi chidebe, ine n'kumuyankhira pawindo kuti madzi aphwa. Anakatunga kudambo, kolera n'kumugwira. Patatha masiku atatu tinamuika, ine ndikunyamula nawo bokosi.  Chaka chisanathe Yoramu anasamukira ku Sunningdale.

Kuyambira pamenepo ndimawerenga malamulo khumi ngati munthu wowerenga mano m'kamwa, onse alipo. Sindinaphe. Sindinabe, chitsime n'changa. Bodza lija silinali umboni wa kukhoti. Koma Mgonero uliwonse ndimalandira mkate ndikuganiza za windo lija.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndinafika pageti la Paida n'kubwerera. Mantha. Mkulu wa mpingo wathunthu, imvi mbuu.

Loweruka, 10 Ogasiti

Paida wanditsegulira ndi Chishona chake, "Pindai, sekuru," ndiko kuti lowani, agogo. Yoramu ali pampando pakhonde, waonda, mbali imodzi ya pakamwa yagwa. Ndinatambasula khadi, sanalilandire. Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kunena zonse: za loko, za windo, zoti madzi analimo odzadza tsiku limenelo. Ndinati ndinawalakwira malemu, ndinakulakwira iwe, ndipo malemuwo sindingathenso kuwapepesa.

 Mawu ake amatuluka movutikira tsopano.

"Za madzi ndinkadziwa, Hector. Ukungoti malemu, malemu. Mutchule dzina."

 Ndinati, "Eneles."

Anatsinzina. Kenako ndi dzanja limene likugwirabe ntchito anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wake.