Mwana wa a Eugene

Lamlungu, 2 Malichi

Abusa alalikiranso za Hana. Mpingo wonse maso kutsogolo, koma ndikudziwa kuti unali kuyang'ana ine. Potuluka amayi Lena, mkulu wa azimayi, andigwira dzanja: "Dikirani asisita, Mulungu sachedwa." Ndavomera. Zaka khumi m'banja, mzamba wathunthu, wopanda wanga. Ana amene ndawalandira chichokereni ku Chipata angadzaze sukulu.

Lachitatu, 5 Malichi

Tsiku lotopetsa ku wodi. Mayi wina wa ku Kambombo, anabwera naye pa njinga, mwana wachisanu ndi chitatu. Nditamuika pachifuwa, mayiyo anatembenukira kukhoma, akuti ameneyu sanamupemphe. Ine nkumuuza kuti mwana ndi mphatso. Pakamwa panga pamagwira ntchito pokha.

Amuna anga a Eugene apitanso ku Chikwa kukayendera masukulu. Msewu matope okhaokha, koma iwo salephera. Ana a ku Chikwa ali ndi mwayi.

Lolemba, 10 Malichi

Mwezi wachedwa. Sindinauze munthu. Ndayamba kusala kudya, madzi okha mpaka madzulo. Pamsika ndaima nthawi yaitali pa kaunjika wa zovala za makanda. Wogulitsa anafunsa ngati ndi za mphwanga.

Lachinayi, 13 Malichi

Mwezi uja wabwera. Ndamasula ndi tiyi ndi zitumbuwa. Mafuta ake anali akale.

Lachisanu, 21 Malichi

Lero sinali ntchito yanga. Hellen, mzamba mnzanga, anandipempha tisinthane, mwana wake akudwala.

Masana anabweretsa mtsikana wa ku Chikwa, Purity, mimba yoyamba, atatopa kale. Mwana anatuluka ali zii, wotuwa. Ndinamupukuta, ndinamuchotsa zam'mphuno, ndinamupopera mpweya, mumtima ndikukuwa kwa Yesu. Kenaka kulira. Wamwamuna.

Azakhali ake a mtsikanayo anati bambo wa mwana ali pakhonde, ndikawauze ndine poti ndine ndamuukitsa. Ndinatuluka ndikumwetulira.

A Eugene. Beseni latsopano, zitenje ziwiri, ndi fulasiki yanga imene ndakhala ndikuifuna m'nyumba. Anandiyang'ana nati, "Imma, si unati lero ukupuma?"

Ndinawauza kuti mayi ndi mwana ali bwino. Ndi mmene timanenera kwa aliyense.

Loweruka, 22 Malichi

Zaka zonsezi pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndiloleni ndinyamule mwana wa a Eugene m'manja mwanga. Amva. Liwu ndi liwu. Ndine amene sindinalongosole bwino.

Lachinayi, 27 Malichi

Apongozi aimba foni kuchokera ku Lundazi. Akuti Mulungu wapukuta misozi ya banja. Ya ndani sanatchule. Mwana amutcha Mwiza.

A Eugene akugona pa mpando. Akuti ndine Mkhristu, ndiyenera kukhululuka. Munthu amene anaponda m'tchalitchi komaliza pa ukwati wathu manje akudziwa mavesi.

Baibulo lili pomwe ndinalisiya. Ndimalipukuta fumbi, sindilitsegula. Kupemphera ndimagwada ndithu, koma mawu palibe. Ndimangokhala, ngati wodwala pa benchi amene sanaitanidwe.

Lamlungu, 6 Epulo

Sindinapite kutchalitchi. Nkhani yafika kale paliponse, tauni yathu ya Chama ndi yaing'ono.

Masana amayi Lena anafika ndi mtedza wauwisi m'chitenje. Ndinakonzeka kumva za Yobu. Anasesa pakhonde, anaika mtedza pamoto, tinakhala pa mphasa nkumaswa. Patapita nthawi anati, "Lero vesi ndilibe, mwana wanga." Basi.

Ndinalira mpaka chifuwa kupweteka. Iwo anangondisisita msana. Anapita dzuwa litapendeka.

Ngati chimenechi ndicho chitonthozo cha Mulungu chija, ndiye chabwera chovala patapata. Ine ndinkayembekeza china chachikulu.

Lachitatu, 9 Epulo

Purity wabwera kuchipatala. Mwana sakuyamwa bwino, mabere atupa. Hellen anafuna kumuthandiza kuti ine ndisakumane naye, koma anakana, akufuna ine. Akudziwa kuti ndine ndani. Maso pansi, mawu apansipansi: "Amama, nilije munyake." Alibe wina. Azakhali anabwerera kukakolola, a Eugene sakuyankha foni. Mtsikanayu kamwana kokhakokha, mwina sikanamalize ndi sukulu.

Ndinafuna kunena zambiri. Ndinali nditazikonza pafupifupi masabata atatu. M'malo mwake ndinafunditsa madzi, ndinamuthowa, ndinamuonetsa kagwiridwe. Mwiza anagwira bere nayamba kumeza. Mtsikanayo anagona chokhala, mutu pa phewa langa. Phewa linachita dzanzi. Sindinasunthe.

Sindinakhululuke munthu. Ndisadzinamize.

Lamlungu ndipita, ndikakhala pa benchi yanga yomwe ija. Ndikudikirabe, Ambuye, poti kwina kopita kulibe. Koma musaganize kuti nkhani ya ine ndi Inu yatha.